Buledi Amene a DeLoy Ostler Sanatenge

Ndiyambe ndi zimene ndinaona ndi maso anga, zakumva zibwere pambuyo. Linali Lamlungu, nyengo yothyola maapozi, m'tchalitchi chathu cha ku Verdell, ndipo ndinakhala pa benchi yakumbuyo kwa banja la a Ostler monga mwa nthawi zonse. Thireyi ya mgonero inafika pamzere wawo. Mayi Verda anatenga kachidutswa ka buledi, mwana wawo RaNae anatenganso, kenako thireyi inafika m'manja mwa a DeLoy. Anaigwira bwinobwino, n'kuipereka kwa munthu wotsatira. Dzanja lawo silinapite kukamwa. Timakapu ta madzi titabwera, anachitanso chimodzimodzi.

Kwathu kuno munthu akaimitsidwa mgonero salengezedwa kutsogolo. Bishopu amakhala naye m'kachipinda, chitseko chili chotseka, ndipo zokambidwa mmenemo sizituluka. Amati n'kumusungira ulemu munthuyo, ndipo ine sinditsutsa. Koma thireyi imayenda dzanja ndi dzanja masanasana, tchalitchi chonse chili maso. Tisanaimbe nyimbo yotsekera, aliyense anali atadziwa kuti a DeLoy alakwa. Chimene analakwacho n'chimene palibe ankachidziwa, ndiye aliyense anayamba kuwasokera mlandu wa muyezo wake.

A DeLoy ankayendetsa basi ya pasukulu imene ine ndinkaphunzitsa. Anabadwira mu Verdell momwemo, m'banja la oweta nkhosa, ndipo bambo awo atamwalira anawasiyira munda wa mapichesi ndi maapozi kuseri kwa nyumba. Anali munthu wamtali, wa makutu akuluakulu otambalala amene ana a m'basi ankati amamva ngakhale zimene ukungoganiza. Khofi, amene mpingo wathu umaletsa, sanamulawepo chibadwire. Pa makiyi a galimoto yawo pankalendewera kabotolo ka mafuta odzozera odwala, ndipo mwana akatentha thupi m'nyumba ina iliyonse, oyamba kuitanidwa anali iwo. Ankabwera ndi mwamuna mnzake wa mumpingo, chifukwa mwambowo umafuna anthu awiri: mmodzi adzoze mafuta, onse asanjike manja pamutu pa wodwala.

Chilema chawo chinali chimodzi: ukawafunsa, ankayankha. Mlongo Nelda Beckstead anawafunsapo paphwando la mpingo ngati keke yake inali yokoma. Iwo anaganiza kaye, kenako anati, "Ndadya chifukwa mwandipatsa, Mlongo." Anthu anaseka mpaka misozi. Mlongo Nelda yekha sanaseke, ndipo sindikuganiza kuti anaiwala.

Tsono chaka chimenecho sichinali chaka choti a DeLoy aimitsidwe. RaNae, mwana wawo wamkazi mmodzi yekha pakati pa anyamata, anali pafupi kukwatiwa m'kachisi wa ku Manti mitengo ikayamba kuphuka. M'kachisi salowa aliyense. Umalowa ndi chiphaso chimene Bishopu wasayina, ndipo munthu woimitsidwa chiphasocho amabweza. Paukwati wa m'kachisi bambo a mkwatibwi amakhala pampando wa mboni, pafupi ndi guwa. A DeLoy, munthu wosakonda kulankhula, za mpando umenewo okha ankazilankhula kuyambira RaNae ali wamng'ono. "Tsiku limenelo mudzandione," ankatero. "Ndidzakhala mowongoka ngati mtengo, sindidzakhosomola n'komwe." Choncho funso la tawuni yonse linali ili: kodi alowa kapena atsala panja?

Mkwati anali Petros Karras, mwana wa Mayi Voula, Mgiriki wamasiye amene anali ndi kanyumba kodyera kumsewu waukulu, malo okhawo mu Verdell ogulitsa khofi. Petros anabatizidwa mumpingo wathu atayamba kuyenda ndi RaNae. Mayi ake sanabatizidwe, ndipo anali atauzidwa kale kuti ukwati wa mwana wawo adzaudikira pakhomo.

Mlandu woyamba kuwasokera unali wa mowa, koma sunakhalitse, chifukwa nkhope ya a DeLoy sinkagwirizana nawo. Umene unagwira mizu ndinaumva tikusoka bulangete la ukwati kunyumba kwa a Ostler komweko. Tinali amayi angapo titazungulira nsalu, ndipo Mayi Verda atangopita kukhitchini, Mlongo Nelda anatsitsa mawu.

"Mlongo Lorna, inu ndinu mphunzitsi, mapu mumawadziwa. Msewu wafumbi wakumadzulo uja umathera kuti?"

"Kuchipululu," ndinatero.

"Eya. Nanga kuchipululuko amadya mapichesi ndani? Nkhandwe?"

Wina anaseka n'kudzigwira pakamwa.

"Musaseke, alongo. Loweruka lililonse kapikapu ka M'bale Ostler kamalowera kumeneko katalemedwa. Matumba a ufa, mabotolo a mapichesi. Mwamuna wanga anasuzumira tsiku lina pomwetsa mafuta. Anaona tinsapato ta ana."

"Mwina n'zachifundo," anatero wina.

"Zachifundo zimadzera kwa Bishopu, mayi. Zodzera kuseri zili ndi dzina lina. Ine sindinanene kanthu. Ndikungoti Mlongo Verda aziwerenga mabotolo ake."

Mayi Verda analowa ndi mbale ya makeke, ndipo tonse tinaweramira singano ngati tikupemphera.

Kuchipululuko kumakhala anthu amitala, aja anapatuka kalekale mpingo utasiya mwambowo. Mu Verdell munthu akhoza kukhululukidwa ataledzera mpaka kugwera mu ngalande, koma osati kuyandikira anthu amenewo. Timawaopa chifukwa akunja satisiyanitsa nawo. Ukangotchula kumene umapemphera, mlendo amayamba kumwetulira n'kufunsa kuti amayi ako ndi angati. Ndiye munthu wathu mmodzi akaonedwa pamsewu wakumadzulo, zimakhala ngati watipaka matope tonse.

Kuti akunja nawonso anali atamva, ndinakazipeza kwa Mayi Voula. Ananditumako kukafunsa za chakudya cha paphwando la ukwati. Ndinalowa mwamsanga, popeza fungo la khofi limakakamira m'zovala. Madalaivala a malole anali pampando wautali, ndipo mmodzi atandiona anagwedeza mnzake ndi chigongono.

"Adona, kodi dalaivala wa basi yanu uja akulembabe akazi? Ndili ndi mlamu wanga wovuta, ndikhoza kukamutula ndekha."

Mayi Voula anamukwapula ndi kansalu kopukutira. "Imwa khofi wako, chitsiru iwe." Kenako ananditembenukira, manja ali m'chiuno. "Koma aphunzitsi, mundiuze. Mwana wanga akulowa m'banja la nyumba zingati?"

"Sindikudziwa kanthu, Mayi Karras."

"Nonse simudziwa kanthu. Bishopu wanu ndamufunsa, akundiuza za matenda a nkhukundembo zake. Ine mukunditsekera panja kuti sindine woyera, pamene woyera wanu ali ndi khomo lina kuchipululu ndipo mukumufunditsa bulangete. Mumabisa chiyani m'nyumba yoyera ija chimene mayi wobereka sangaone?"

Ndinayesa kufotokoza kuti si zobisika koma zopatulika. Anandiyang'ana mmene ine ndimayang'anira mwana amene waloweza yankho osalimvetsa.

Nyengo yozizira inalowa. A DeLoy sanasiye kubwera kutchalitchi. Ankafika oyamba, kuyala mipando, kuchotsa chipale chofewa pakhomo, n'kukakhala pa benchi yawo yomweyo kudikira thireyi kuti aipatsire. Sankaloledwa kupemphera pagulu, ndiye pemphero likatha ankangoti ameni motsitsa. Palibe anawanyoza pamaso. Anthu ankawapatsa moni wochuluka, wogwira ndi manja awiri, ngati wa pamaliro. Koma mwana akatentha thupi ankaitana wina, ndipo amayi ena anayamba kuperekeza okha ana awo aakazi kusukulu, amvekere mpweya wam'mawa ndi wabwino. Miyezi yonseyo sindinamve munthu ngakhale mmodzi akuwafunsa kuti, "M'bale Ostler, chachitika n'chiyani?" Sitifunsa. Tinaphunzitsidwa kuti za munthu ndi Bishopu wake n'zawo, ndipo lamulo limeneli tinalisunga bwino kwambiri pamaso pawo.

Chaka chatsopano chitalowa, kapikapu kanasiya kulowera kumadzulo. Loweruka kankangokhala pabwalo, chipale chofewa chitakaphimba. Mayi Verda, amene nkhope inali itawathera, anandigwira mkono tsiku lina tikutuluka m'tchalitchi. "Bishopu ati akapirira mpaka mitengo iphuke, alowa," anandinong'oneza. Kupirira chiyani, sananene, ndipo ine sindinafunse. Mlongo Nelda anati munthu walapa, kapena mkazi wa kuchipululu wapeza wina womubweretsera ufa.

Kutatsala masiku ochepa kuti ukwati uchitike, foni ya muofesi ya sukulu inalira nthawi ya chakudya chamasana, ndipo ndinayankha ine. Anali mayi, mawu ake akumveka kutali, ngati akuimba pafoni ya m'sitolo.

"Muuzeni DeLoy kuti mwana wayambanso. Akubanika. Muuzeni ndi Arvilla."

Ndinawapeza a DeLoy akupukuta magalasi a basi. Ndinanena mawuwo monga mmene ndinawamvera, osaonjeza, osachotsa. Anavula chipewa, n'kuyang'ana mapiri kwa kanthawi. Mitengo ya pasukulu inali itayamba kale kutupa nsonga.

"Zikomo, Mlongo Lorna," anatero. "Auzeni a hedi apeze wina woyendetsa madzulo ano."

Sanadzere njira yakuseri. Anadutsa pakati pa tawuni, pawindo la Mlongo Nelda, n'kukaima kaye pa makola a nkhukundembo a Bishopu Thayne. Amene anaona akuti anthu awiriwo anaima pampanda nthawi yochepa, ndipo Bishopu anakhala ngati akuwagwira malaya. Kenako fumbi linaoneka pamsewu wakumadzulo. Za foni ija ine sindinauze munthu, koma makoma a ofesi ya sukulu ndi opyapyala. Pofika madzulo tawuni yonse inkadziwa kuti kuchipululu kuli mkazi ndipo kuli mwana.

Tsiku la ukwati Mayi Verda anandipempha kuti ndisalowe m'kachisi, ndikhale panja ndi Mayi Voula kuti asakhale okha. Kachisiyo ali paphiri, ndipo mphepo ya pamenepo imaluma ngakhale dzuwa likuwala. Anthu analowa atanyamula timasutikesi ta zovala zoyera. Agogo ake a RaNae, mayi awo a DeLoy, anawalowetsa pa njinga ya olumala. Chitseko chitatsekeka, tinatsala atatu: ine, Mayi Voula atavala diresi yakuda ndi botolo la khofi pamiyendo, ndi a DeLoy, atavala suti yawo ya Lamlungu, ataima patali manja ali kumbuyo.

"Asewere!" anakuwa Mayi Voula. "Bwerani mukhale. Benchi ya ochimwa ndi ino."

A DeLoy anabwera, n'kukhala kumapeto kwenikweni.

"Ine ndili panja chifukwa ndine Mgiriki wouma mutu. Nanga inu? Musandiyang'ane ngati nkhosa. Mwana wanga ali mmenemo akulumbira za muyaya. Muli ndi akazi angati?"

 Ndinafuna kuimirira kuti ndiwasiye, koma a DeLoy anakweza dzanja.

"Khalani, Mlongo. Ndafunsidwa." Anatembenukira Mayi Voula. "Mmodzi. Verda."

"Nanga Arvilla ndani?"

"Mlongo wanga. Wobadwa pambuyo panga."

Dzinalo linandibwerera pamenepo. Ndili mwana kunali mtsikana wa a Ostler wa tsitsi lalitali, amene mayi ake ankauza aliyense kuti anakwatiwa ku California ndi munthu wogulitsa nyumba.

"Ku California sanafikeko," anatero a DeLoy. "Anatengedwa ndi munthu wa kuchipululu, n'kukhala mkazi wachinayi. Mayi anasankha kunena zinazo, ndipo ananena kwa zaka zambiri mpaka anayamba kuzikhulupirira. Mwamuna uja anafa. Akazi aakulu anagawana zimene zinalipo, Arvilla anatsala ndi ana ndi denga lodontha. Ndinayamba kumupititsira ufa."

"Ndiye akuimitsani chifukwa cha ufa?"

"Ayi. Ufa Bishopu akanangotseka diso. Kamnyamata kake kali ndi chifuwa chobanika. Tsiku lina ndinakapeza katachita bii milomo. Ndinatulutsa mafuta. Koma pamafunika awiri, ndipo mwamuna amene analipo ndi mkulu wa gulu lawo, munthu amene mpingo unamuchotsa kalekale. Anaika manja ake pamwamba pa anga. Sindinawakankhe. Tinapemphera limodzi, ngati kuti mphamvu yake ndi yanga n'zofanana."

"Anakuonani ndani?"

"Palibe. Ndinakanena ndekha."

Mayi Voula anamenya ntchafu yawo. "Mayi ine! Munakadzigwiritsa nokha?"

"Bishopu nayenso anatero. Anati, 'DeLoy, wakufunsa ndani?' Koma atamva sakanatha kusamva. Anaitana anzake, anandiimitsa. Chaka chitatha anati ndisapondekonso mpaka ukwati utadutsa, ufa tidzapeza njira ina. Ndinapirira. Kenako foni ija."

"Ndipo munakachitanso zomwezo."

"Zomwezo, ndi munthu yemweyo. Kenako ndinakanyamula kupita nako kuchipatala, chifukwa iwo amaopa chipatala, amati akafunsidwa mafunso. Kali moyo. Dzulo kanadya."

Mayi Voula anawayang'ana nthawi yaitali, diso limodzi atalitsinzina. "Nkhani yake n'njosalala kwambiri," anatero. "Amuna onse a nyumba ziwiri amene ndinawadziwa anali ndi mlongo wodwala penapake. Bwanji simunauze anthu anu? Akudyani miyezi yonseyi."

"Mayi anga ali moyo. Sindikanaimirira kutsogolo kuwachititsa manyazi. Koma wondifunsa ndikanamuyankha." Anasisita chipewa chawo. "Inu ndinu woyamba."

Pamenepa ndiyenera kunena mosamala, kuti ndisawaikire Mayi Voula mawu amene sananene. Sananene kuti akhulupirira. Anangotsegula botolo lawo, n'kuthira khofi m'chivindikiro.

"Ndiye mpingo wanu wakutsekerani panja pa ukwati wa mwana wanu chifukwa munapempherera kamwana kobanika. Ndipo mawa mukayalanso mipando."

"Lamulo ndinkalidziwa, asewere. Mafuta aja sindinadzipatse ndekha, ndinapatsidwa, ndipo ndinauzidwa anthu oyenera kusanjika nawo manja. Bishopu sanandinamize. Pampanda paja analira ndi iye, osati ine."

"Mukanachitanso?"

Anaganiza kaye, monga anachitira ndi keke ija. "Chibale ndi fupa," anatero. "Ndikanachita. Ndipo ndikanakanenanso."

"Ha! Imwani, mwazizidwa." Anawalozetsa chivindikiro chija.

"Ayi, zikomo."

"Taonani munthu uyu, aphunzitsi! Amuthamangitsa kale, koma akuopabe khofi!"

"Ndili panja lero lokha, asewere," anatero a DeLoy. "Sindinasamuke."

Mayi Voula anaseka mpaka khofi anatayikira pa diresi. Akupukuta, chitseko cha kachisi chinatseguka. Anthu anatuluka akuphethira ndi dzuwa, ndipo RaNae, atanyamula m'mphepete mwa diresi yake yoyera, anayang'ana uku ndi uku mpaka anawaona. Petros anathamangira mayi ake. RaNae anabwera pang'onopang'ono, n'kuika mutu pachifuwa pa bambo ake.

"Pampando paja panakhala ndani?" anafunsa a DeLoy.

"Achimwene aakulu, Ababa."

"Sanakhosomole?"

"Anakhosomola."

A DeLoy anagwedeza mutu, n'kuyang'ana kumbali, kuchigwa. Ndinayang'ananso kwina kuti ndiwapatse mpata, ndipo maso anga anakumana ndi a Mlongo Nelda. Iye sankayang'ana mkwatibwi. Ankayang'ana benchi, malo amene a DeLoy anakhala, ndi botolo la khofi lili chitsegulire pakati pa iwo ndi mayi wamasiye.

Lamlungu lotsatira thireyi inawadutsanso. Tikutuluka, Mlongo Nelda anandikoka malaya. "Inu munali pomwepo, Mlongo Lorna. Ankaseka chiyani ndi Mgiriki uja? Chivindikiro chija anamwera ndani?" Ndinamuuza kuti a DeLoy sanamwe, ndipo zina zonse akawafunse eni ake, ali apo akupinda mipando. Sanapite.

A DeLoy anadzatenganso buledi zokolola zina zitadutsa. Anangotambasula dzanja, kutenga, kudya, ndipo benchi yathu yonse inapuma. Agogo aja anamwalira akukambabe za California, ndipo pamaliro awo Arvilla anabwera, atavala diresi yofika m'mapazi, ana ake ali pambuyo. Kamnyamata ka chifuwa kaja kanali katakula, kowonda, kali ndi makutu akuluakulu otambalala. Amene ankamukumbukira Arvilla anati, "Ndithu, makutu a kwa Ostler, atengera kuchimuna kwa mayi ake."  Ena anangoyang'ana makutu a mwanayo, n'kuyang'ana a DeLoy, n'kuyang'anana.